Madzi Ofunda a Agogo ndi Kontadoro Yatsopano

Pulogalamu yophunzitsa za pakhomo
Olankhula: Woulutsa ndi Mmisiri wa magetsi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Juni wafika kuno ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ku Tsangano, ku Ntengo-wa-Mbalame mpaka ku Ulongwe. Amene mwalawira kudimba mwaona nokha mame ali mbuu pa udzu, ndipo madzi ogona m'ndowa akuluma zala. Ife achinyamata timadzithira madzi ozizirawo, kulumpha kawiri, basi tapita. Koma pakhomo pali munthu wina amene sangachite zimenezo. Ndi agogo. Lero tikambirana za madzi ofunda a agogo, ndi kabokosi kamene kalowa m'nyumba zathu, kontadoro ya magetsi olipiriratu imene tonse timaitchula kuti Credelec. Ndili ndi bambo amene agwira ntchito yoika mawaya m'nyumba kwa zaka zambiri. Takulandirani, bambo.

MMISIRI: Zikomo amayi. Moni kwa onse, makamaka makolo athu amene akuothera dzuwa pakhonde wailesi ili pambali.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Tsiku limene kontadoro inaikidwa kwa agogo anga, amene analandira malangizo ndine. Ndinamva zonse, ndinasunga khadi la nambala m'chikwama changa, m'mawa mwake n'kubwerera kuno kuntchito. Patapita milungu ingapo magetsi anatha. Agogo anakhala masiku atatu osasamba, chifukwa nkhuni zinali zitatha, miyendo yopitira kuphiri alibe, ndipo nambala yogulira magetsi inali ndi ine. Sanadandaule kwa wina aliyense. Nditafika anangoti, sindinafune kukuvutitsa. Mawu amenewo sanandichoke mumtima.

MMISIRI: Zimene mwanenazo ndimazipeza m'makomo ambiri, amayi. Ndiye ndinene msanga mfundo imene ndabwera nayo. Ntchito yoika kontadoro sithera pomanga waya womaliza. Imatha tsiku limene mwini nyumba, ngakhale ali ndi zaka 80, wadziwa kuona magetsi otsala, wadziwa kumene nambala yake ili, ndipo wadziwa woti amuitane zikavuta.

WOULUTSA: Tisanafike kumeneko, wina angafunse kuti kodi madzi ofunda ndi nkhani yoti n'kuitengera pa wailesi?

MMISIRI: Ndi nkhani yaikulu. Thupi likakalamba silisunga kutentha ngati kale. Mafuta a pansi pa khungu amachepa, ndipo thupi likazizidwa limachedwa kufundanso. Madzi ozizira kwambiri akagwera munthu mwadzidzidzi, mitsempha imafinyika, magazi amathamanga, mtima umagwira ntchito yolemetsa. Kwa munthu wa vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi zimenezi n'zoopsa. Ndiye wokalamba akasowa madzi ofunda amasankha kusasamba. Kenaka pamabwera zilonda, kuyabwa, ndi manyazi. Amasiya kupita kutchalitchi, amasiya kukhala pagulu. Kuno n'kumapiri, si ku Tete kumene madzi amafunda okha mumtsuko. Mwezi wa Juni ndi Julaye, madzi ofunda kwa nkhalamba ali ngati mankhwala.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tiuzeni tsono za kontadoroyi. Imagwira bwanji ntchito?

MMISIRI: Magetsi a m'chigawo chathu chino gwero lake lalikulu ndi damu la Cahora Bassa ku Songo, pa mtsinje wa Zambezi, limene linamalizidwa mu 1974 ndipo lili ndi mphamvu yokwana mamegawati 2,075. Amene amawafikitsa m'makomo ndi kampani ya boma ya Electricidade de Moçambique, EDM, imene inakhazikitsidwa mu 1977. Kuyambira 2018 boma lili ndi pulogalamu ya Energia para Todos, cholinga chake n'choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. N'chifukwa chake mukuona mapolo akulowa m'midzi imene kale inkadalira koloboyi. Nyumba yatsopano ikalumikizidwa imalandira kontadoro yolipiriratu. Mumagula magetsi kwa wogulitsa kapena pa foni kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, mumalandira manambala 20, mumawalowetsa, kontadoro n'kuwonjezera mayunitsi. Yuniti ndi chimene pa risiti amalemba kuti kWh. Mayunitsi akafika pa ziro, kontadoro imadula yokha.

WOULUTSA: Manambala 20 kwa munthu amene maso achita chifunga ndipo zala zikunjenjemera.

MMISIRI: Pamenepo ndiye pali vuto loyamba. Mabatani ndi aang'ono, galasi loonetsa manambala ndi laling'ono, ndipo nthawi zambiri kabokosi kamakhomedwa pamwamba, pamene mmisiri anafikira ali chiimire. Agogo kuti awerenge ayenera kukwera pampando, ndipo kugwa kwa munthu wokalamba kumatha kuthyola chiuno. Komanso mukalakwitsa manambala kangapo motsatizana, makontadoro ambiri amayamba kukudikiritsani nthawi yotalikirapo musanayesenso. Wokalamba akaona choncho amaganiza kuti waononga chinthu cha boma, amachita mantha, n'kungokhala mumdima.

WOULUTSA: Pali mtundu wina umene kontadoro ili pamwamba pa polo, m'nyumba muli kabokosi ka mabatani kokha.

MMISIRI: Inde, umenewo ukuchuluka chifukwa umachepetsa kuba magetsi. Koma uli ndi chinsinsi chimene anthu ambiri sauzidwa. Kabokosi ka m'nyumba kaja, pa mitundu yambiri, kamalankhula ndi kontadoro ya papolo kudzera m'mawaya omwewo a magetsi. Choncho kayenera kulowetsedwa pa soketi ya pakhoma mwachindunji, soketiyo ili yoyatsa. Magetsi akatha, kabokosiko kamadalira mabatire ake. Mabatire akakhala akufa, ngakhale mugule magetsi a ndalama zambiri, simungathe kuwalowetsa. Ndapezapo makomo amene akhala sabata yathunthu mumdima chifukwa cha mabatire a mtengo wa mulu wa tomato. Nthawi zina mdzukulu anawachotsa n'kuika mu tochi.

WOULUTSA: Omvera, mwamva. Mabatire a m'kabokosi ka agogo si a tochi, si a wailesi. Nanga zolakwika za pa tsiku loika, bambo?

MMISIRI: Nditchule zitatu zimene zingachitike kulikonse padziko kumene makontadoro amaikidwa ambiri nthawi imodzi. Choyamba, pa polo limodzi pakakhala makontadoro a nyumba zingapo, mawaya kapena timabokosi tingathe kusinthana. Inu mukugula, koma akuwala ndi anansi. Kuyesa kwake n'kosavuta: muzimitse chilichonse m'nyumba, muone ngati mayunitsi akutsikabe; kenaka muyatse ketulo, muone ngati ayamba kutsika. Chachiwiri, chivindikiro cha kontadoro chikapanda kutsekedwa bwino, kontadoro imaganiza kuti wina akuiseweretsa, ndiye imadula magetsi ngakhale mayunitsi alimo. Pamenepo musaitane mnyamata wa pamsika kuti adzatsegule. Pamafunika nambala yapadera yochokera kukampani, ndipo kudula chidindo n'kulakwira lamulo. Chachitatu, kontadoro yakale ikachotsedwa, nambala imasintha. Magetsi ogulidwa pa nambala yakale salowa mu yatsopano. Mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Beira akapitiriza kugulira mayi ake pa nambala yakale, ndalama ikupita koma mphika sukufunda. Ndiye asanachotse yakale, lembani mayunitsi otsala kapena jambulani ndi foni, mufunse mmene abwezeredwe, ndipo tsiku lomwelo uzani abale onse nambala yatsopano.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Kwa inu amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za kontadoro ya Credelec ndi madzi osamba a makolo athu. Bambo, mu 2024 kunali chipwirikiti, anthu akuuzidwa kuti alowetse manambala ena apadera. Chinali chiyani?

MMISIRI: Inali nkhani ya maiko ambiri, kuno ku Mozambique, ku Malawi, ku South Africa ndi kwina. M'kati mwa manambala 20 aja mumabisika nthawi imene munagula, kuti nambala imodzi isagwire ntchito kawiri. Nthawiyo inkawerengedwa m'mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo owerengeramo anali oti adzadza pa 24 Novembala 2024. Zili ngati kope la ngongole la pagolosale likafika patsamba lomaliza. Choncho kontadoro iliyonse inayenera kulandira manambala awiri apadera, aliwonse a 20, olowetsedwa motsatana, kuti iyambe kope latsopano. Kontadoro imene sinalandire imakana magetsi ogulidwa tsopano. Ngati pali nyumba ya okalamba imene yakhala yotseka nthawi yaitali, mwina mwini wake anali kwa ana kutauni, ndipo pobwera kontadoro ikukana nambala iliyonse, chifukwa chake chingakhale chimenechi. Pitani ku ofesi ndi nambala ya kontadoro.

WOULUTSA: Pali funso limene ndimalimva kawirikawiri. Ena amati magetsi amatchipa usiku, ndiye amadzutsa agogo mbandakucha kuti atenthetse madzi. N'zoona?

MMISIRI: Pa Credelec ya pakhomo, yuniti ya usiku ndi ya masana mtengo wake ndi umodzi. Musamadzutse makolo m'chisanu pofuna kupulumutsa ndalama. Nkhaniyo imachokera kumaiko ena. Ku Britain, kuyambira 1978, kuli dongosolo lotchedwa Economy 7: maola 7 a usiku magetsi amatsika mtengo chifukwa mafakitale ndi maofesi atseka. Anthu ambiri amatenthetsa thanki la madzi usiku n'kuwagwiritsa ntchito masana. Ndipo chimene chinkauza makontadoro ambiri kuti usiku wafika inali wailesi. Chizindikiro chinkayenda mobisika pa mafunde a BBC Radio 4, makontadoro n'kuyatsa matanki okha.

WOULUTSA: Wailesi ngati inoyi kutenthetsa madzi!

MMISIRI: Ndithu. Koma zipangizozo zinakalamba, ndipo anakonza zoyamba kuzimitsa chizindikirocho pa 30 Juni 2025. Kutatsala mwezi umodzi, makomo opitirira 300,000 anali asanalandire makontadoro atsopano, ena mwa iwo ku Scotland kumene kumazizira koopsa. Panali nkhawa yoti ena madzi awo sadzafunda, ena thanki lidzangoyaka osazima. Mapeto ake anaganiza zozimitsa pang'onopang'ono, dera ndi dera. Ndanena izi kuti tione kuti ngakhale m'dziko lolemera, makina akasintha, amene amatsalira m'mbuyo ndi okalamba ndi a kumidzi. Kusiyana kwake n'koti ife kuno tili ndi mudzi, tili ndi adzukulu pafupi. Tisataye mwayi umenewo.

WOULUTSA: Ndiye nthawi yabwino yotenthetsa madzi kuno ndi iti?

MMISIRI: Masana, dzuwa lili paliwombo. Zifukwa zake ndi ziwiri. Madzulo aliyense amayatsa, ndipo kumalekezero a mawaya magetsi amafooka. Mumaona mababu akuchita chizimezime, ketulo ikuchedwa kuwira. Masana magetsi amakhala ndi mphamvu. Chachiwiri, wokalamba akasamba masana amatuluka m'bafa n'kukumana ndi dzuwa, osati mphepo ya mbandakucha.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tifike pa ndalama. Okalamba ambiri amadalira chithandizo cha boma chodzera ku bungwe la INAS kapena kangachepe kochokera kwa ana. Amaopa kuti madzi amadya magetsi.

MMISIRI: Amadyadi, koma tiyeni tiwerenge kuti mantha asapose choonadi. Tengani cholembera. Ndowa ya malita 20, madzi ake ozizira pa madigiri 15, mukufuna afike pa 45. Pamafunika pafupifupi 0.7 ya yuniti. Chitsulo chotenthetsera madzi cha mawati 2,000 chimachita zimenezo m'mphindi zopitirira pang'ono 20. Tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, ndi mayunitsi 21. Kuti muone kukula kwake, babu la LED la mawati 10 limayaka maola 100 pa yuniti imodzi. Choncho ndowa imodzi ya madzi ofunda ikufanana ndi babu loyaka maola 70.

WOULUTSA: N'chifukwa chake anthu amadabwa kuti magetsi ankakhalitsa, agogo atangoyamba kugwiritsa ntchito ketulo akutha msanga, n'kumati kontadoro ikuba.

MMISIRI: Eya, pamene sikuba ayi. Kuwala kumadya pang'ono, kutentha kumadya kwambiri. Koma pali njira zochepetsera. Wiritsani malita 5 okha, muwathire m'malita 15 ozizira. Madzi amafika pa madigiri 36, ofanana ndi kutentha kwa thupi, ndipo mwagwiritsa theka la yuniti basi. Kuposa apo, tengani chigubu chakuda, mudzaze madzi m'mawa, muchiike padzuwa pamalo obisika ku mphepo. Pofika masana chisanu chachoka m'madzimo, ndipo ketulo imodzi ikwanira kumalizitsa. Vindikirani mphika nthawi zonse. Ketulo kapena chitsulo chomiza m'madzi chimaposa mbaula ya magetsi, chifukwa pa mbaula kutentha kwambiri kumathawira m'mbali. Amene ali ndi giza ya malita 150 adziwe kuti kuifunditsa kuchoka pa 15 kufika pa 60 kumadya pafupifupi mayunitsi 8. Kwa munthu mmodzi wosamba m'ndowa, kumeneko n'kutaya.

WOULUTSA: Ena amati akangoyatsa ketulo, magetsi onse amazima, kenaka n'kubwerera okha.

MMISIRI: Kontadoro iliyonse ili ndi malire a mphamvu imene nyumbayo inapatsidwa. Ketulo, simbi ndi mbaula zikayaka pamodzi, malire apyoledwa, imadula. Zimitsani zina, dikirani pang'ono, muyatse chimodzi. Ngati ikudula ndi ketulo yokha, kafunseni ku ofesi malire amene munaikiridwa. Ndiponso muziyang'ana risiti: si ndalama yonse imene imasanduka mayunitsi, pamakhala msonkho ndi zolipira zina. Mukafika kumeneko funsaninso za mtengo wotsika wa mabanja ogwiritsa ntchito magetsi ochepa, umene amautcha tarifa social, ngati agogo angauyenerere. Safunsa anadya phula.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Tisanatseke, za chitetezo.

MMISIRI: Apa ndipempha mumvetsere bwino. Musapisa dzanja m'ndowa chitsulo chili pamagetsi. Zimitsani, zulani pulagi, kenaka muyese madzi. Zitsulo zopanga nokha ndi mawaya osakutira zapha anthu, musazilole pakhomo. Posakaniza, yambani kuthira ozizira, otentha pambuyo. Muyese ndi chigongono chanu inu wamng'ono, chifukwa khungu la okalamba ndi lopyapyala, ndipo amene ali ndi matenda a shuga mapazi awo samva kutentha msanga; angapse osazindikira. Musawasiye anyamule okha mphika wowira. Ndipo magetsi akazima n'kubwerera ku makala, mbaula isalowe m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagoneka munthu osadzukanso. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, tulutsani munthuyo panja msanga, muthamangire naye kuchipatala.

WOULUTSA: Tibwereze zoti tichite sabata ino, aliyense kwa kholo lake kapena kwa nkhalamba yoyandikana nayo.

MMISIRI: Choyamba, lembani nambala ya kontadoro ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni, muikhome pafupi ndi kabokosi, ina musunge m'foni za anthu awiri. Chachiwiri, onani mabatire, musiyepo ena apadera. Chachitatu, ngati kabokosi ndi kosunthika, kakhale pamene agogo angakaone ali chikhalire. Ngati ndi kontadoro yokhomedwa pamwamba, musaisunthe nokha, kapempheni kukampani. Chachinayi, khalani nawo pansi, alowetse manambala ndi dzanja lawo inu mukuwerenga anayianayi, osawafulumiza. Chachisanu, gwirizanani kuti mayunitsi akatsika kufika pa 5 auze ndani. Ndipo tsiku loika kontadoro, pakhale munthu wa m'banja, ayese ketulo amisiri asanachoke.

WOULUTSA: Nanga amene alibe mwana kapena mdzukulu pafupi?

MMISIRI: Amenewo ndi a tonsefe. Dziko lino lili ndi lamulo la 2014 loteteza ufulu wa okalamba, koma lamulo silingagogode pachitseko. Amfumu, anyakwawa, asekeretale a m'mabairo, amayi a m'mabungwe a mpingo, mumadziwa nyumba iliyonse imene mukukhala nkhalamba yokha. Mukaona nyumba yotero yagona mumdima masiku awiri pamene anzake akuwala, musaganize kuti akusunga ndalama. Pitani mukaodire.





WOULUTSA: Makolo amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mavuto athu onse timakawatula kwa iwo, koma awo satiuza. Manja amene lero akulephera kudina timabatani ndi omwe aja ankadzuka kusanache, kukoleza moto pamafuwa, kuyesa madzi ndi chigongono kuti ife makanda tisapse. Agogo anga tsopano katoni yawo ili pakhoma, ndipo Loweruka lililonse amandiwerengera okha mayunitsi otsala pa foni, mawu ali okondwa ngati mwana amene wakhoza mayeso. Inunso mukazimitsa wailesiyi, pitani mukafunse funso limodzi lokha: agogo, mwasamba madzi otani lero? Mudikire yankho. 

(NYIMBO YOTSEKERA)